DOKOTALA SAOMBEZA ULA

Kuyambira kale anthu a m'midzi adziwa njira imodzi yoonana ndi sing'anga. Wodwala afika, abvula nsapato, akhala pansi, nangoti cete. Nchito yonena cimene cabvuta ndi ya sing'angayo, ndipo akacurukitsa mafunso anthu aturuka akunong'onezana kuti ameneyu alibe maso. Ku cipatala zinthu siziyenda motero. Dokotala alibe ula. Ali ndi makutu, maso, manja ndi zopimira zowerengeka, ndipo mwa zonsezi coyamba kugwira nchito ndi makutu. Wodwala amene ayembekeza kuti dokotala aone yekha za m'thupi abwerako ndi mankhwala a matenda amene anachula, pamene matenda eni-eni atsala m'malo mwao.

Pali cizolowezi cinanso cimene ciyenda pamodzi ndi cimeneci. Ambiri ayesa cipatala malo a munthu amene walephera kudzuka pa mphasa. Munthu woyenda ndi miyendo yake akanena kuti apita kukapimitsa, anzake amseka, namfunsa ngati nchito yatha kumunda. Koma alipo matenda amene akhala m'thupi zaka zambiri osapweteka, ndipo tsiku limene ayamba kupweteka apeza kuti nthawi yothandiza yapita. Zimene zinacitika m'banja lina la m'boma la Katete zionetsa mtengo wa zizolowezi ziwirizi, ndiponso phindu la kuzisiya.

MAULENDO ATATU

Mwini banjali ndi mlimi wa zaka zopitirira 50, wolima cimanga, mtedza ndi thonje. Ndi munthu waulemu, wosakonda kucurutsa mau pamaso pa anthu ophunzira. M'caka cimodzi anapalasa njinga katatu kupita ku kiliniki ya kufupi ndi kwao, ndipo nthawi zonse nkhani inali kuyenda cimodzi-modzi.

"Cabvuta nciani, atate?" anali kufunsa dokotala.

"Thupi, adokotala."

"Thupi pati?"

"Lonse. Ndi mutu womwe."

Panja panali mzere wautali wa amai ndi ana. Anampima magazi a pa cala, malungo sanapezeke, nampatsa mapilitsi oletsa kupweteka. Iye anaomba m'manja, nati zikomo, nabwerera kwao.

Zimene sananene zinali zambiri kuposa zimene ananena. Sananene kuti mutuwo unali kumgwira ca kunkhongo m'mawa podzuka. Sananene kuti polima ndi ng'ombe maso anali kucita cidima kanthawi, ndi kuti pokwera citunda ndi njinga mpweya unali kumthera msanga kusiyana ndi kale. Sananene kuti atate ake anamwalira atafa ziwalo mbali imodzi, kapena kuti iye mwini asuta fodya, ndipo ndiwo sazimva kukoma asanaonjezemo mcere pa mbale. Sikuti anali kubisa dala. Anaganiza kuti munthu wophunzira safuna kuuzidwa zonsezi, ndi kuti kulankhula zambiri pamene ena adikira panja ndi mwano. Tsiku lina makina opimira kuthamanga kwa magazi analibe mabatire. Masiku enawo palibe anaganizako, ndipo iye sanapemphe, pakuti sanadziwe kuti wodwala angathe kupempha.

CAKUDZA SICIIMBA NG'OMA

M'nyengo yopalira, mkulu wake wa mlimiyu anagwa m'munda khasu lili m'manja. Pomdzutsa anapeza kamwa lapotoka, mkono ndi mwendo wa kumanja zili lende, ndipo mau anali osamveka. Pakuti panali mkangano wa malire a munda ndi banja lina, mudzi unathamangira kwina, ndipo panapita masiku awiri asanamkweze pa ngolo ya ng'ombe. Ku cipatala ca boma anati ndi sitiroko: mtsempha wa magazi mu ubongo unali utaonongeka kaamba ka kuthamanga kwa magazi kumene anakhala nako zaka zambiri osadziwa.

Mlimi uja anatsala kudwazika mkulu wake. M'mawa wina namwino atamaliza kupima odwala, anamyang'ana nati, "Atate, bweretsani mkono nanunso. Matendawa akonda kuyenda m'banja." Makina anaonetsa 172 pa 104. Tsiku lotsatira anamkhazika pansi mphindi zisanu kuti apume, nampimanso, ndipo manambala anali m'mwamba ndithu.

Matendawa, amene ambiri angowacha BP, ndi kukankha kwa magazi m'mitsempha mwamphamvu yopitirira muyeso. Popima paturuka manambala awiri. Ya pamwamba ionetsa mphamvu pamene mtima ufinya, ya pansi pamene mtima upuma. Ngati manambalawa afika 140 pa 90 kapena kupitirira, ndipo apezeka motero pa masiku awiri osiyana, munthuyo ali ndi matendawa. Anthu ambiri amene ali nao samva kanthu, ngakhale mutu. Monga ciswe cidya mzati mkati kunja kuli bwino-bwino, mphamvuyi iononga pang'ono-pang'ono mitsempha ya mu ubongo, mtima, impso ndi maso. Kufufuza kumene Unduna wa za Umoyo unacita m'dziko lonse m'caka ca 2017 kunaonetsa kuti pa akulu asanu alionse a zaka 18 kufikira 69, pafupi-fupi mmodzi ali ndi magazi othamanga. M'mudzi wa akulu 100 ndiye kuti alimo ambiri ndithu, ndipo njira yowadziwira ndi imodzi: lamba wa pa mkono uja, amene satenga mphindi zisanu ndipo sapweteka.

MAU OKONZERATU

Usiku wakuti mawa akaonane ndi dokotala, mwana wake wamkazi, amene anamaliza sukulu, anakhala naye pansi. "Atate," anatero, "mawa musakanene za thupi lonse. Tiyeni tiwerenge pa zala zimene mukanene." Anagwirizana zinthu zinai, ndipo ndi zomwezo zimene dokotala aliyense afuna kumva kwa wodwala aliyense.

Coyamba ndi malo: pamene papweteka, kuloza ndi cala, ndi kumene ululuwo upita. Caciwiri ndi nthawi. Mau akuti "kale" kapena "masiku ano" sathandiza, pakuti cifuwa ca masiku atatu ndi cifuwa ca milungu itatu ndi nkhani ziwiri zosiyana. Wosadziwa kalendala angathe kunena kuti zinayamba pokolola mtedza, kapena mvula yoyamba isanagwe, ndipo dokotala adzawerenga yekha. Cacitatu ndi mkhalidwe wake: kaya kulasa, kuocha, kulemera kapena dzanzi, ndiponso cimene ciutsa ululuwo ndi cimene ciuziziritsa. Cacinai, cimene ambiri aopa kuulula, ndi mankhwala amene munthu wamwa kale, kaya ndi mizu, makungwa, mapilitsi ogula pa kantini kapena otsala kwa mnansi. Dokotala safunsa zimenezi kuti aweruze mlandu. Mankhwala ena akakumana m'thupi alimbana, ena alemetsa impso ndi ciwindi, ndipo ena abisa zizindikiro. Ngakhale mapilitsi ena oletsa kupweteka, akamwedwa masiku ambiri, akweza BP. Njira yapafupi ndi kunyamula timapepala ndi timabotolo tonse ndi kuziika pa tebulo. Pamwamba pa zinaizi pali matenda a m'banja, fodya ndi mowa, ndipo kwa amai, tsiku limene anasamba komaliza.

M'mawa mwake mlimiyo ananena zonse mwa dongosolo lake, ndipo anadabwa kuona kuti sizinatenge nthawi yaitali. Dokotala analemba, nampima mkodzo ndi shuga, nampatsa mapilitsi a mwezi umodzi. Apa mpamene mwana uja anakhudza atate ake pa phewa, ndipo iwo anafunsa funso limene sanafunsepo ndi kale lonse.

"Adokotala, kodi akatha amenewa ndiye kuti ndacira?"

"Iai, atate. Matendawa sacoka, angogona. Mukaleka kumwa adzuka. Mubwere kudzatenga ena asanathe awa, ngakhale mukumva bwino."

Funso limeneli linali lofunika koposa mapilitsiwo, pakuti mankhwala ali ndi malamulo osiyana. Coartem wa malungo amwedwa kasanu ndi kamodzi pa masiku atatu, ndipo wosiyira pa njira cifukwa thupi lazizira asiya tizirombo tamoyo m'magazi. Mankhwala a cifuwa cacikuru ca TB atenga miyezi isanu ndi umodzi, ngakhale kukhosomola kutaleka pa mwezi woyamba. Koma a BP, a shuga ndi ma ARV kawiri-kawiri ndi a moyo wonse. Munthu amene sanafunse ayesa onsewa ndi amodzi, namwa mpaka atamva bwino, naika otsalawo pa denga. Akulu anati safunsa anadya phula.

Motero wodwala asanaimirire pa mpando ayenera kudziwa zinthu zitatu: dzina la matenda ake, kamwedwe ka mankhwala ndi tsiku lolekera ngati lilipo, ndiponso zizindikiro zimene zikaoneka ayenera kubwerera msanga osadikira tsiku lolembedwa. Ndi nzeru kubwereza mau a dokotala pakamwa pako, kuti ngati wamva mokhota akuongole pomwepo. "Inde" wa ulemu, woyankha munthu asanamve, wapweteka anthu ambiri.

Mlimiyo anauzidwanso za mcere. Bungwe la za umoyo la dziko lonse, la WHO, linena kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiko kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera pamodzi ndi mcere wa mu kapenta ndi nsomba zouma. Fodya anauzidwa kuti aleke. Za mcerezi anapempha kuti namwino akauzenso amai a kunyumba, pakuti ndiwo agwira mphika.

KUPIMITSA THUPI LILI BWINO

Mlimi aliyense wa ng'ombe adziwa kuti ng'ombe zipita ku dibi zisanadwale. Palibe adikira kuti nkhupakupa zigwetse ng'ombe ya pa goli kenaka nkuyamba kufuna mankhwala. Ayang'ananso m'nkhokwe ngati anankafumbwe alowa cimanga cisanasanduke ufa. Cisamaliro cimene munthu apatsa cuma cake ndi cimene thupi lake lifuna, ndipo zofunika kupima si zambiri.

Munthu wamkulu aliyense ayenera kudziwa manambala a BP yake, ndipo wa zaka zopitirira 40, kapena amene makolo ake anali ndi matendawa, apimitse kamodzi pa caka. Shuga apima ndi kadontho ka magazi a pa cala. Ludzu losatha, kukodza kawiri-kawiri usiku, kuonda munthu akudya bwino, ndi zironda zocedwa kupola ndi zizindikiro zake, koma shuga angakwere zaka zingapo zimenezi zisanaoneke, makamaka kwa onenepa ndi amene abale ao ali nao. Kupima HIV kutenga mphindi zowerengeka. Ma ARV aperekedwa mwaulere m'zipatala za Boma kuyambira 2005, ndipo lero wopezeka ndi kacirombo ayamba mankhwala osadikira kuti adwale. Womwa mokhulupirika agwira nchito zake ndi kukalamba monga wina aliyense. Cifuwa cimene cafika milungu iwiri, makamaka pamodzi ndi thukuta la usiku ndi kuonda, cifuna kupima makhololo, ndipo a m'nyumba ya wodwala TB ayenera kupimidwa naonso.

Ena akali kuopa ndalama, pokumbukira zaka za m'ma 1990 pamene odwala anali kulipira pa khomo la kiliniki. Boma linacotsa malipirowo m'zipatala zazing'ono za kumidzi m'caka ca 2006, ndipo m'caka ca 2012 linacotsa m'zipatala zazing'ono za dziko lonse. Cimene citsala ndi mtunda ndi tsiku limodzi la nchito. Mtengo umenewu ndi weni-weni kwa mlimi, koma uyenera kuyerekezedwa ndi mtengo wa munthu wogona pa mphasa amene afuna womtembenuza, womsambika ndi womdyetsa.

MBEWA YA MANYAZI

Amai a m'banja lija anali ndi nkhani yaonso. Mng'ono wao anakhala miyezi yambiri akutaya magazi pa nthawi yosayenera, makamaka akakhala malo amodzi ndi amuna ake, ndipo pambuyo pake panayamba kuturuka madzi a fungo. Anauza mkulu wake yekha, monong'ona. Ku kiliniki anapitako, koma atapeza dokotala wamwamuna wa msinkhu wa mwana wake, anangoti m'mimba mupweteka, nalandira mankhwala a m'mimba. Pamene coona cinadziwika anamtumiza ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, cipatala ca khansa cimene cinatsegulidwa m'caka ca 2007, mtunda wa pafupi-fupi makilomita 500 kucokera ku Katete. Banja linagulitsa ng'ombe kuti lipeze za ulendo. Madokotala anacepetsa ululu, koma matenda anali atayala, ndipo maiyo anasiya ana anai.

Khansa ya khomo la ciberekero ndiyo ipha amai ambiri m'Zambia kuposa khansa ina iriyonse, pamene ndi imodzi mwa zosabvuta kuipewa. Iyamba ndi kacirombo kochedwa HPV, kamene kapatsirana pogonana ndipo kali ponse-ponse, kotero kuti amuna ndi akazi ambiri akumana nako pa moyo wao. Kwa ambiri thupi likacotsa lokha. Kwa ena katsala, nikasintha khungu la pa khomo la ciberekero pang'ono-pang'ono. Bungwe la WHO linena kuti papita zaka 15 kufikira 20 kuti kusinthaku kusanduke khansa, koma kwa mai amene thupi lake lafoka ndi HIV zingakwane zaka 5 kufikira 10, ndipo amai okhala ndi HIV adwala khansayi kasanu ndi kamodzi kuposa anzao. M'zaka zonsezo mai samva kanthu. Ndiyo nthawi imene namwino angathe kuona banga ndi kulicotsa.

Nchito yopima amai inayamba ku Lusaka m'caka ca 2006, ndipo inafalikira ku zigawo zonse. Kapimidwe kake ndi kapafupi. Namwino apaka viniga pa khomo la ciberekero, nadikira mphindi imodzi. Malo amene ayamba kuonongeka asanduka oyera. Banga laling'ono alicotsa tsiku lomwelo ndi cipangizo coziziritsa kapena cotenthetsa, popanda kugoneka munthu, ndipo lalikulu alitumiza ku cipatala cacikulu. M'malo ena apima kacirombo ka HPV komweko, ndipo mai angathe kudzitengera yekha copimaco ndi kathonje. WHO ilangiza kuti mai ayambe kupimitsa pa zaka 30, ndipo wokhala ndi HIV pa zaka 25. Wopezeka bwino popima ndi viniga abwereranso patapita zaka zitatu, kapena monga namwino walembera pa khadi.

Maliro atatha, amai aja anaitana mpongozi wao ndi anzao awiri a ku chalichi, napangana kupita pamodzi, pakuti manyazi acepa anthu akakhala gulu. Atafika anapempha poyera kuti awapime namwino wamkazi, ndipo anauzidwa tsiku limene iye apezeka. Atatu anapezeka bwino. Amai eni akewo anapezeka ndi banga laling'ono, ndipo analicotsa asanabwerere kunyumba. Namwino anati kudzaturuka madzi kwa milungu ingapo, ndi kuti m'nthawi imeneyo asakhale malo amodzi ndi amuna ao kufikira cironda citapola.

"Mau amenewa akacokera kwa ine abweretsa mkangano m'nyumba," anatero amaiwo. "Kodi simungawauze ndinu?"

"Abwere nao, amai, ndidzawauza ndine," anayankha namwino.

Bambo uja anapita, namva ndi makutu ake, ndipo m'nyumba munalibe mau. Amuna ambiri aletsa akazi ao kupimitsa cifukwa ca mphekesera yakuti namwino acotsa ciberekero kapena atseka kubala. Zimenezi sizoona, ndipo mwamuna amene wakaika ali ndi ufulu wopita kukafunsa yekha. Kwa atsikana kuli katemera wa HPV, amene Boma linayamba kupereka m'dziko lonse m'caka ca 2019. Agwira bwino nchito mtsikana akalandira asanadziwe mwamuna, ndipo saletsa kubala.

PAKATI NDI SIKELO

Mpongozi uja atatenga pakati, mwambo unali wakuti abise kufikira mimba itaoneka, kuopa maso a anthu. Apongozi ake anati kubisira mudzi ndi kwina, kubisira namwino ndi kwina. Mai woyembekezera afunika kuyamba sikelo miyezi itatu isanathe, ndipo kuyambira 2016 WHO ilangiza kuti aonane ndi a zaumoyo kasanu ndi katatu asanacire. Kumeneko apima BP, kucuruka kwa magazi, mkodzo, HIV ndi cindoko. Cindoko cikapezeka msanga cicizika ndi jekeseni, koma cikasiyidwa cipha mwana m'mimba. Apatsanso mapilitsi oonjezera magazi, Fansidar woteteza ku malungo ndi neti. Kutupa nkhope ndi manja, mutu waukali, kuona cidima, kapena kutaya magazi ndi zinthu zosagonetsa. Mai wotero apite tsiku lomwelo.

Mwana akabadwa, khadi la sikelo likhala pakamwa pake, pakuti iye sangathe kunena. Mzere wa kulemera kwake ukaleka kukwera, namwino aona bvuto mai asanalione. Khadili liyenera kusungidwa m'pepala la pulasitiki kutali ndi mvula ndi makoswe, ndi kunyamulidwa ulendo uliwonse, ngakhale mwana wapita kaamba ka cifuwa cabe. Kawiri pa caka pali mlungu wa umoyo wa ana, pamene apatsa vitamini A ndi mankhwala a njoka za m'mimba, ndi kupereka katemera kwa amene anatsalira.

MBALI YA CIPATALA

Sikungakhale koona kunena kuti colakwa conse cili kwa odwala. M'makiliniki ambiri a kumidzi anchito ndi ocepa, ndipo munthu mmodzi aona odwala kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litapendeka. Ena alankhula mwaukali. Ena acokera ku zigawo zina ndipo Cinyanja acimva mwa apo ndi apo. Nthawi zina mankhwala atha, kapena copimira cafa. Zonsezi zicititsa munthu wa manyazi kukhaliratu cete.

Koma kukhala cete sikucotsa mabvutowa. Wodwala amene sanamve anene mwaulemu kuti, "Pepani, sindinamve, mubwerezenso." Ngati cilankhulo cabvuta apemphe womasulira. Nkhalamba ndi munthu wodwala kwambiri apite ndi wacibale womva msanga, amene adzakumbukira zonenedwa. Wokhala ndi nkhani ya manyazi angathe kupempha kuti citseko citsekedwe ndi kuti ena aturuke, pakuti a zaumoyo ali ndi lamulo losunga cinsinsi ca wodwala. Ngati mankhwala palibe, afunse dzina lake lilembedwe, ndi tsiku limene ayembekezeka. Ngati wamwa mankhwala onse koma palibe kusintha, abwerere komweko akanene, m'malo moyendayenda m'makiliniki osiyana ndi kuyamba nkhani pa ciyambi paliponse. Dokotala akalemba kalata yomtumiza ku cipatala cacikulu, monga Chipata Central, St Francis ku Katete, Mwami kapena Nyanje, kalatayo isagone m'thumba kudikira kuti thonje ligulidwe. Ndipo madandaulo a mudzi wonse, monga makina opanda mabatire kapena mwano wa wanchito, ali ndi njira yake kupyolera m'komiti ya zaumoyo ya m'dera ndi kwa nyakwawa.

Banja la ku Katete lija tsopano lili ndi kabuku ka sukulu kamene mwana wamkazi uja analemba maina a onse a m'nyumba. Muli manambala a BP a atate ake mwezi ndi mwezi, amene atsika kufika pansi pa 140 pa 90, tsiku limene amai ake adzabwerere kwa namwino, ndi masiku a katemera wa khanda. Mlimiyo alima munda wake ndi theka la munda wa mkulu wake. Mkuluyo anacira pang'ono. Ayenda ndi ndodo kucoka m'nyumba kufika pa khonde, koma khasu sadzaligwiranso, ndipo ana ake awiri analeka sukulu. Abale awiriwa anabadwa mimba imodzi, anali ndi matenda amodzi, ndipo anasiyana pa kupimidwa kumodzi.

Miyezi ya cilimwe, zokolola zitalowa m'nkhokwe, mitsinje itaphwa ndi miseu itauma, ndiyo nthawi imene mlimi angathe kupatula tsiku limodzi. Wopita anyamule khadi lake, mankhwala onse amene akumwa, ndi mau ake okonzeratu. Mwamuna atenge mkazi wake, ndipo mwana atenge kholo lake, mvula isanagwe ndi kutsekanso njira.